Mafulati Acedwa Kumangidwa: Kodi Wolakwa Ndani?

Aliyense amene wayenda posacedwapa pa mseu wa Great East kucokera ku Lusaka kulowera ku Chongwe, kapena pa mseu wa Leopards Hill kupitirira Bauleni, waziona zikwangwani zija. Pa cikwangwani pali cithunzi ca nyumba zosanja zoyera mbee, kapinga wobiriwira, ana akusewera ndi galimoto itaima pakhomo. Pansi pake alembapo kuti lipirani tsopano, mudzalowe caka camawa. Koma mukasuzumira kuseri kwa mpanda wa malata mupeza zina: maziko odzala madzi a mvula, zitsulo zocita dzimbiri, mulu wa mcenga umene wamera udzu, ndi mlonda mmodzi amene nayenso sadziwa tsiku limene nchito idzayambanso.

Tili ndi mnzathu wina m'parishi mwathu, mphunzitsi wopuma pa nchito. Atalandira ndalama zake za penshoni anapereka gawo lalikulu kwa kampani ina yomanga, kuti agule fulati ya zipinda ziwiri imene inali isanamangidwe. Maganizo ao anali abwino: mwana wao wamkazi amene agwira nchito m'tauni azikhalamo m'malo molipira lendi, ndipo pambuyo pake nyumbayo idzakhale colowa ca adzukulu. Mvula yagwa katatu tsopano, fulati kulibe. Akafunsa, yankho ndi limodzi cabe, lakuti a khonsolo ndiwo akucedwetsa mapepala.

Tsiku lina tinawaperekeza bambowa ku ofesi ya mapulani kuti tikadzimvere tokha. Tinapeza kuti m'mabuku a boma malowo akali munda. Pempho losintha nchito ya malo linaperekedwa maziko atakumbidwa kale, ndipo eni minda yoyandikana nayo analemba makalata okana, cifukwa panalibe pulani yoonetsa kumene zonyansa za m'zimbudzi za mabanja onsewo zidzapita. Pobwerera bambowa anakwiyira anansi aja, nati ndi anthu ansanje odana ndi citukuko. Ife tinaona mwina. Amene anawalakwira ndi munthu amene analandira ndalama zao asanakhale ndi cilolezo comangira. Nkhani zambiri za mafulati ocedwa, mukazitsata mpaka pa muzu, mupeza comweci: kumanga kunatsogola, cilolezo cinatsalira m'mbuyo.

Mzinda wadya minda kuyambira kale

Lusaka inakhala likulu la dziko mu 1935, pamene atsamunda anasamutsa boma kucokera ku Livingstone. Pulani yoyamba, imene inacokera pa maganizo a Professor Stanley Adshead mu 1931, inali ya mzinda waung'ono wa mayadi akulu-akulu ndi mitengo, wokonzedwera azungu. Munthu wakuda anali kuonedwa ngati mlendo wobwera kudzagwira nchito, amene tsiku lina adzabwerera kumudzi. Popeza analibe pokhala, anthu anayamba kumanga pa mafamu a azungu ozungulira mzinda, namalipira mwini famu. Ndico cifukwa cake komboni zina mpaka lero zichedwa ndi maina a eni mafamu aja, monga George, John Laing ndi John Howard. Mu 1974 boma linakhazikitsa lamulo lobvomereza komboni zotere ndi kupatsa okhalamo cikalata ca zaka 30.

Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 2.2 miliyoni m'boma la Lusaka lokha, pamene mu 2010 anali 1.7 miliyoni. Malo a mzinda anatha kale, tsono mzinda watulukira m'minda ya Chongwe, Chilanga, Kafue ndi Chibombo. Kumene tinali kuona cimanga ndi ng'ombe zaka 20 zapitazo, lero kuli mipanda ya njerwa.

Pano alimi tiyenera kumvetsa cinthu cimodzi: nyumba zosanja si mdani wathu ai. Hekitala imodzi mukaidula mapuloti a mamita 20 kwa 30 ndi kusiya miseu, mupeza mabanja 12 kapena kuposerapo pang'ono. Pa hekitala imodzi-modziyo, nyumba zosanja kanai zingasunge mabanja oculuka kangapo konse. Mzinda ukakula kupita m'mwamba, minda yathu ipuma. Ukakula kupita m'mbali, udya madimba ndi mabusa. Tsono funso si lakuti mafulati amangidwe kapena asamangidwe. Funso ndi lakuti amangidwe pati, ndipo madzi ndi zonyansa zake ziyende bwanji.

Malo ali onse ali ndi nchito yake

Kumudzi tidziwa kuti sungakumbe cimbudzi pafupi ndi citsime, sungamange khola pa manda, ndipo sungalime pa njira ya ng'ombe yopita kumadzi. Palibe anazilemba, koma mfumu ndi nduna zake amaziteteza. M'tauni nzeru imodzi-modziyo inalembedwa m'lamulo. Lamulo limene ligwira nchito tsopano ndi Urban and Regional Planning Act, nambala 3 ya 2015, limene linalowa m'malo mwa lamulo lakale la mapulani a mizinda ndi lija la komboni la 1974.

Lamuloli lifuna kuti khonsolo iliyonse ikhale ndi pulani yoonetsa nchito ya malo: apa ndi pa nyumba zokhalamo, apa ndi pa masitolo, apa ndi pa mafakitale, apa ndi minda, apa ndi posamangapo konse. Ngakhale muli ndi title deed, simungamange ciliconse cimene mwafuna. Title deed ionetsa kuti malo ali m'manja mwanu. Cilolezo ca mapulani ndico cinena zimene mungacitepo. Munthu amene afuna kusandutsa famu kukhala mapuloti, kapena kugwetsa nyumba imodzi ya ku mayadi kuti amangepo mafulati 20, ayenera kupempha cimene a khonsolo amacicha change of use, ndiko kusintha nchito ya malo. Pempholi limalengezedwa kuti anthu amene lingawakhudze anene maganizo ao m'masiku oikidwa.

Tizidziwitso tating'ono tija timene mumationa m'nyuzipepala, tokhala ndi nambala ya famu kapena ya puloti, ndi timeneti. Ambiri timatilumpha pofunafuna nkhani za mpira ndi za maliro. Koma m'kacidziwitso kamodzi kotere mungakhale tsogolo la citsime canu.

Nchito ikakhala yaikulu, pali makomo ena awiri. Bungwe la ZEMA, malinga ndi lamulo la zacilengedwe la 2011, liyenera kuona lipoti loonetsa mmene nchitoyo idzakhudzira madzi, nthaka ndi anthu, isanayambe. Bungwe la WARMA, lobadwa ndi lamulo la madzi la caka comweco, ndilo liyang'anira mitsinje ndi madzi apansi, ndipo kuyambira mu 2018 mabohole ayenera kulembetsedwa. Makomo awa ali ndi cifukwa. Mbali yaikulu ya Lusaka inakhala pa mwala wa laimu wokhala ndi ming'alu ndi mapanga, kotero kuti zimene zalowa pansi pano zifika msanga m'madzi amene mnansi akutunga. Madzi ambiri amene mzinda ukumwa acokera m'mabohole, ena ndiwo acokera ku mtsinje wa Kafue. Kolera imene inayamba mu October 2023 inapha anthu oposa 700 m'dziko muno, bwalo la National Heroes linasanduka cipatala, ndipo masukulu anacedwa kutsegulidwa. Munthu akafunsa kumene zimbudzi za mabanja 60 zidzatayira, safunsa mwa nsanje.

Nkhani ya Forest 27

Palibe nkhani imene ionetsa zonsezi bwino kuposa ya nkhalango ya Lusaka East, yodziwika ndi dzina lakuti Forest 27. Nkhalangoyi ili kum'mawa kwa mzinda, ca ku Twin Palm ndi State Lodge, ndipo inatetezedwa ndi lamulo mu 1957. Kumeneko ndiko kucokera mtsinje wa Chalimbana, umene uthira mu Chongwe, ndipo Chongwe athira mu Zambezi. Mvula ikagwa m'nkhalango, mitengo ndi masamba ofota zimagwira madzi kuti alowe pansi pang'ono-pang'ono, ndipo madziwo ndiwo amatuluka m'akasupe m'cilimwe. Mukadula mitengo ndi kuika madenga, konkire ndi phula, madzi amathamanga tsiku limodzi ngati cigumula, ndipo pofika September mtsinje uli gwaa.

Mu 1983 boma linacotsa citetezo pa nkhalangoyi. Anthu okhala m'mbali mwa Chalimbana anadandaula kuti mtsinje wayamba kuphwa, nalemba pempho kwa mtsogoleri wa dziko. Mu 1996, m'nthawi ya a Frederick Chiluba, nkhalango inatetezedwanso. Anthu wamba ndiwo anapambana nthawi imeneyo, ndipo anapambana ndi pepala ndi colembera.

Patapita zaka 21 nkhani inabukanso. Kudzera m'malamulo ang'ono atatu, nambala 62 ya 2017, nambala 59 ya 2018 ndi nambala 13 ya 2019, zigawo za nkhalango zinacotsedwa m'citetezo. Pa mahekitala pafupifupi 1,750, panatsala 716. Malowo anadulidwa mapuloti, ndipo manyuzipepala analemba kuti ena mwa olandira anali akulu-akulu a boma. M'dera lomwelo munayambika nchito yaikulu ya Kingsland City, ya nyumba zokhalamo ndi masitolo, imene makampani omanga anali kucita mogwirizana ndi a Zambia Air Force.

Mu 2019 mafumu a Cisoli, a m'dziko la Senior Chieftainess Nkomeshya Mukamambo II, pamodzi ndi bungwe la Chalimbana River Headwaters Conservation Trust, anapita ku khoti. Dandaulo lao linali la madzi: kuti kumanga pa mutu wa mtsinje kudzaumitsa Chalimbana ndi kuipitsa madzi amene anthu a kumunsi akumwa ndi kuthirira. Mu February 2020 Court of Appeal inalamula kuti nchito iyambe yaima, ndipo maloya a mbali zonse anapitiriza kulimbana m'makhoti. A William Harrington, amene kale anali nduna ya zacilengedwe, naonso anapempha kuti kucotsedwa kwa citetezoko kufufuzidwe. Masankho a August 2021 atapita, boma latsopano linalengeza kuti kumanga m'nkhalangomo kuime pamene likuunika nkhaniyi.

Taonani tsono amene anabvutika pa zaka zonsezi. Anthu a ku Chongwe, amene damu lao linauma mu 2019 mpaka madzi kumabwera ndi magalimoto, anakhala ndi mantha a mtsinje wao. Alimi a repu, matimati ndi kabichi amene amagulitsa ku Soweto Market sanadziwe ngati madimba ao adzakhala ndi madzi. Koma ogula naonso anabvutika. Si onse amene anagula kumeneko anali akulu-akulu. Ena anali anthu wamba amene anatenga nkhongole ku banki, nagula puloti kapena nyumba kwa munthu amene anali ndi mapepala ooneka abwino, kenaka namva pa wailesi kuti aime kumanga. Nkhongole siima cifukwa khoti laimitsa nchito. Amisiri, anyamata oumba mabuloko ndi amai ogulitsa nsima pa geti, onse anabwerera kwao.

Kukanakhala kuti anthu a kumunsi kwa mtsinje anafunsidwa poyera cikwanje cisanakhudze mtengo, mkangano ukanacitika pa tebulo, pamene kusintha maganizo sikudya ndalama. Unacitika konkire itathiridwa kale, pamene mbali iliyonse ili ndi zotaya. Madzi akatayika saoleka.

Si kucedwa konse kuli ndi cifukwa cabwino

Tisanamizane. Pali kucedwa kwina kumene sikuteteza munthu aliyense. Faelo ikhala pa tebulo miyezi cifukwa komiti sinakhale pansi. Akatswiri a mapulani ndi ocepa pa nchito yaikulu yotere. Faelo isowa, niipezeka pokhapo munthu wapereka ya drinki. Puloti imodzi ipatsidwa anthu awiri, onse ali ndi makalata a cidindo. Taonanso zaka zimene anyamata a zipani anali kudula mapuloti ndi cingwe ndi kugulitsa pa dzuwa, pa malo a sukulu, a msika ndi a manda omwe. Ndipo alipo anansi ena amene amakana ciliconse, cifukwa cabe safuna kuona anthu a lendi pafupi ndi yadi yao.

Kucedwa kotere kuli ndi cipatso coipa. Womanga woona mtima akaona kuti kutsata lamulo kudya zaka pamene mnzake wocenjera wamaliza kale nyumba, nayenso ayamba kukumba usiku. Mapeto ake tinawaona ku Chingola mu August 2022, pamene khonsolo inagwetsa nyumba zoposa 300 zomangidwa pa malo a bwalo la ndeke la Kasompe. Amene anagona panja m'mphepo anali mabanja amene anagula mapulotiwo ndi ndalama zao. Nyumba siimera usiku umodzi ngati bowa. Ngati malo ali oletsedwa, nthawi yoletsa ndi pamene munthu akukumba maziko, osati atakhoma denga ndi kulowetsa ana.

Kodi kugula fulati ndiko kugula ciani?

Ambiri a ife tinazolowera kuti kugula nyumba ndiko kugula nthaka imene yakhalapo. Nanga munthu amene wagula fulati ya pamwamba, pansi pake pali banja lina, nthaka yake ili kuti? Dziko lathu lili ndi lamulo la zimenezi kuyambira mu 1994, lochedwa Common Leasehold Schemes Act. Mwini malo amalembetsa pulani ya nyumba yonse ku ofesi ya Lands and Deeds, yoonetsa fulati iliyonse ndi malire ake. Pamenepo wogula aliyense angalandire title ya fulati yake-yake, imene angaigulitse, kuikongolera ndalama ku banki kapena kuisiyira ana. Masitepe, denga, thanki ya madzi, mpanda ndi bwalo zikhala za onse pamodzi. Eni mafulati onse amapanga bungwe limodzi loyang'anira zinthu zimenezi, ndipo aliyense amasonkha ndalama zokonzera.

Apa pali mbuna ziwiri. Yoyamba ndi yakuti ngati pulani ija sinalembetsedwe, title ya malo onse ikhalabe m'dzina la kampani. Kampaniyo ikakongola ndalama ku banki ndi title imeneyo nilephera kubweza, banki idzabwera kudzagwira malo onse, ndipo inu mudzatsala ndi lisiti ndi makiyi. Yaciwiri ndi yakuti kulipira sikutha pa tsiku logula. Pampu ya bohole ikafa, kapena denga likayamba kudontha, nonse muyenera kusonkha. Wopuma pa nchito amene waika penshoni yonse m'fulati aziwerengeretu zimenezi.

Tikumbukenso kuti m'Zambia palibe munthu ali ndi nthaka ya muyaya. Kuyambira mu 1975, m'nthawi ya a Kenneth Kaunda, malo onse a freehold anasanduka obwereka ku boma, ndipo lamulo la malo la 1995 linena kuti nthaka yonse ili m'manja mwa mtsogoleri wa dziko m'malo mwa anthu. Title imene timalandira kawiri-kawiri ndi ya zaka 99. Wogula fulati afunse kuti pa zaka zimenezo zatsala zingati.

Musanapereke ndalama

Akulu anati safunsa anadya phula. Munthu akakuonetsani cithunzi ca nyumba imene kulibe, mafunso awa ndi ufulu wanu, ndipo wogulitsa woona sakwiya nao.

Coyamba, pemphani nambala ya malo ndipo mukafufuze nokha ku unduna wa za malo. Mudzaona dzina la mwini weni-weni, ndiponso ngati malowo ali pa cikole ku banki kapena pali wina amene anaikapo ciletso. Offer letter si title deed, ndipo kalata ya kansala kapena ya wapampando wa cipani si ciliconse pa lamulo. Khonsolo yeni-yeniyo imangopereka maina kwa Commissioner of Lands, amene ndiye apereka malo a boma.

Caciwiri, pitani ku ofesi ya mapulani ya khonsolo mukafunse nchito imene malowo analembedwera. Ngati akali munda, funsani ngati change of use inabvomerezedwa, ndipo muone kalatayo ndi maso anu. Mau akuti zili m'njira si cilolezo.

Cacitatu, pemphani kuona mapulani a nyumba okhala ndi cidindo ca khonsolo, ndi kalata ya ZEMA ngati nchito ili yaikulu. Werengani nyumba zosanja zimene zinaloledwa. Ena amaloledwa ziwiri namanga zinai.

Cacinai, funsani za madzi ndi zimbudzi. Kodi pali paipi ya suweji, kapena ndi maenje? Bohole ili pa mtunda wotani kucokera ku maenjewo?

Cacisanu, musalipire zonse nthawi imodzi. Pangano lilembedwe ndi loya wanu, osati wa kampani yekha, ndipo linene tsiku lomaliza nchito ndi mmene ndalama zanu zidzabwerera ngati tsikulo lapita. Lipirani m'zigawo malinga ndi pamene nyumba yafika. Ndalama za loya ziwawa, koma ndi zocepa poyerekeza ndi penshoni ya zaka 30.

Kwa ife alimi a m'mphepete mwa mzinda

Ambiri a ife sitidzagula fulati, koma ogula malo adzafika pakhomo pathu, ngati sanafike kale. Amabwera ndi galimoto yabwino ndi ndalama zimene sitinazionepo. Tisanabvomere tidziwe ici: malo a mfumu akasandulika kukhala a title, sabwereranso kwa mfumu. Lamulo la 1995 lifuna kuti mfumu ndi khonsolo abvomereze kusinthaku, ndiponso kuti anthu amene kusinthaku kungawakhudze afunsidwe. Ngati mnansi wagulitsa, ndipo dambo lodyetsera ng'ombe za mudzi wonse kapena njira ya ku citsime yalowa m'kati mwa mpanda, muli ndi pokadandaula: kwa mfumu, ku khonsolo, ndi ku bwalo la milandu ya malo lochedwa Lands Tribunal. Koma dandaulo limveka bwino ma beacon asanazikidwe.

Banja likhale pansi lonse, amai ndi ana omwe, munda usanagulitsidwe. Taona abambo akugulitsa mahekitala asanu, nagula galimoto yakale ndi malata, ndipo patapita zaka ziwiri ana ao akuumba mabuloko pa ganyu pa munda umene unali wa agogo ao. Cilala ca 2024, cimene boma linacilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse, cinatiphunzitsa kuti munda wokhala ndi madzi ndi cuma coposa ndalama za m'thumba. Ngati kugulitsa sikungapeweke, gulitsani mbali ya kumtunda, musunge ya kudambo.

Ndipo cidziwitso cikatuluka ca famu yoyandikana ndi inu, musangong'ung'udza pa citsime. Lembani kalata. Ikanipo nambala ya malo monga yalembedwera pa cidziwitso, nenani zimene muopa momveka: citsime cili pa mtunda wakuti, madzi a mvula amadzera apa, mseu uwu ndi wopapatiza. Sainani ambiri, perekani masiku asanathe, ndipo kalata ina yodindidwa mutsale nayo. M'mudzi uliwonse ndi m'mphakati uliwonse muli wina wodziwa kuwerenga cizungu. Ameneyo aziwerengera anzake zidziwitsozi. Mutu umodzi susenza denga. Kalata yanu siyenera kunena kuti musamange konse. Inganene kuti mangani, koma ikani suweji yoyenera, siyani njira ya ng'ombe, ndipo mutalikire mtsinje. Mikangano yambiri ingathe pamenepo.

Kwa a khonsolo ndi omanga

Kwa a khonsolo pempho lathu ndi lapafupi. Mapu oonetsa nchito ya malo apacikidwe poyera, pa ofesi ya ward iliyonse, kuti mlimi ndi wogula aone okha popanda kugwada kwa munthu. Zidziwitso zilengezedwenso m'Cinyanja ndi m'Cisoli, pa wailesi ndi kudzera kwa mafumu, pakuti anthu amene zikuwakhudza kwambiri ndiwo sagula nyuzipepala ya cizungu. Pempho likabwera, yankho lituluke m'nthawi yake, kaya ndi inde kaya ndi iai. Iai wa msanga aposa inde wa zaka zinai. Ndipo woyendera nchito afike pa tsiku la maziko.

Kwa omanga tinena kuti mzinda ukufunani. Ana athu amene amaliza sukulu akusowa pokhala, ndipo lendi ikuwadya amoyo. Mangani, ndipo mangani kupita m'mwamba kuti minda itsale. Koma yambani mwagogoda pa makomo a anansi, tengani zilolezo zonse, ndipo pokhapo muike cikwangwani ndi kulandira ndalama za anthu. Miyezi imene muona ngati yatayika poyamba ndi yocepa kuposa zaka za m'khoti.

Mphunzitsi mnzathu uja akali kudikira. Iye ndi ogula anzake tsopano apeza loya mmodzi, ndipo akumana ndi eni minda aja kawiri. Apeza kuti zimene anansi akufuna, madzi oyera ndi suweji yolongosoka, ndi zomwe mwana wao adzafuna akadzalowa m'fulatimo. Kampani ikadzabweretsa pulani yokonzedwa bwino, mwina makalata okana aja adzacotsedwa. Ngati siibweretsa, adzalimbana kuti ndalama zao zibwerere. Sabata yatha tinawaona atakhala pa benchi kunja kwa chalichi, magalasi ali pa mphuno, akuwerenga tsamba la zidziwitso mzere ndi mzere. Tiyeni nafenso titero, cikwangwani cisanafike pa munda woyandikana ndi wathu.